Januwale uno konzani mapepala, ntchito zambiri zimatsegula cha mu Epulo

Januwale ndi mwezi wowawa, tonse tikudziwa. Ndalama zinathera pa Khrisimasi, fizi ya ana ikufunika, chimanga kumsika chakwera, ndiye ngati mulibe ntchito mumangoona ngati dziko lonse laima. Ine ndinakhalapo pakhomo nthawi yaitali satifiketi ili mu envelopu, ndipo chomwe ndinadzazindikira mochedwa nchoti ntchito kuno kwathu zimayenda ndi nyengo, amene amazipeza ndi aja anakonzeka miyezi iwiri itatu m'mbuyo.

Taonani. Chaka cha ndalama cha boma pano chimayamba pa 1 Epulo, anasintha mu 2022 kuchoka pa Julaye, ndipo maunduna ndi makhonsolo nthawi zambiri amadikira bajeti kuti alembe anthu. Cha mu Epulo momwemo okushoni ya fodya imatsegula ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu, kumafunika makalaliki, alonda, madalaivala, onyamula mabelo. Ku Nchalo ndi ku Dwangwa kudula nzimbe kumayambanso nthawi ngati yomweyo, pomwe tiyi ku Thyolo ndi Mulanje ali pachimake pompano ndi mvulayi. Ntchito za sizoni musazinyoze chonde, miyezi sikisi ija imalowa pa CV ndipo mumatulukako ndi bwana woti akuchitireni umboni.

Ndiye yambani ndi chiphaso cha unzika, chitulutseni lero muone deti yothera, chifukwa ambiri tinalembetsa mu 2017 ndipo sitiyang'ananso. Ngati pali vuto pitani ku ofesi ya NRB, bungwe lopereka ziphasozi, kwa DC pano mizere isanatalike. Kenako ikani ID, satifiketi ya MSCE ndi dipuloma pamodzi muone ngati dzina lalembedwa chimodzimodzi ponsepo, maka masipelo, poti chilembo chimodzi chokha chosiyana chimatha kukubwezetsani pa tsiku la intavyu. Pangani mafotokope angapo mukadinditse kwa majisitireti kapena loya, ndipo mukapeza mpata pa kafe ya intaneti mupange sikani zonse zikhale PDF mudzitumizire nokha pa imelo. Foni imabedwa, fulashi imagwidwa vairasi, koma za pa imelo mudzazipeza paliponse.

Pa CV ndiye pamene ambiri timalakwitsa. Masamba awiri akwana. Nambala ya foni ikhale yanu yomwe imagwira, osati ya achimwene amene ali ku Joni, ndipo imelo ikhale ya dzina lanu lenileni osati dzina lija amakuitanani anzanu pa Facebook. Mukafika pa experience musasiye pabulanki. Munaphunzitsapo pa pulaiveti? Munasungapo ndalama za banki m'khonde kapena za kwaya? Munakhalapo pa shopu ya amalume kumawerengera katundu, kapena munathandizapo anthu azaumoyo nthawi ya katemera? Lembani, tchulani malo, miyezi yake ndi zomwe munkachita ndi manja anu. Mabodza okha ayi, amafunsa mafunso awiri basi mwagwidwa. Ma referee anuwo, anthu okuchitirani umboni aja, aimbireni kaye muwapemphe, zimachititsa manyazi munthu kuimbiridwa ndi kampani iye nkumafunsa kuti ameneyo ndi ndani. Kalata yofunsira ntchito nayo musamangosintha adilesi pamwamba, werengani advert bwinobwino mutenge zinthu zitatu zomwe akufuna muonetse pomwe munazichitapo.

Kosaka ndi kwambiri. The Nation ndi The Daily Times amatulutsabe ma vacancy, ngati ndalama ya nyuzi palibe pitani ku National Library mukawerenge konko. Kuli LinkedIn, magulu a WhatsApp, mawebusaiti a mabungwe eni ake, komanso ofesi ya Labour ya m'boma lanu. Koma kunena zoona ntchito zambiri zimamveka pakamwa, ndiye uzani anthu, kutchalitchi, kumzikiti, aphunzitsi anu akale, ndipo muzinena mwachindunji kuti ndili ndi laisensi yakuti kapena ndinapanga accounts, osangoti mundipezereko kalikonse. Munthu sangakukumbukireni pa kalikonse.

Tsopano iyi ndiyo imandipweteka mtima. Msuweni wanga anatumiza ndalama pa foni kwa munthu amene anati ndi wa HR, ofesi yolemba anthu ntchito, akuti ya fomu ndi medical, tsiku lotsatira nambala yazima, ndipo ndalamayo anachita kukongola. Abale, wolemba ntchito weniweni sakupemphani kuti mutumize kanthu pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lanu lilowe pa list. Akatero dziwani kuti ndi wakuba, ngakhale atakhala ndi logo yokongola bwanji. Za ntchito zakunja ndiye samalani kawiri, tonse tinamva momwe azimayi a kuno kwathu anazunzikira ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino. Kontilakiti muione musanakwere ndege, kafunseni ku Unduna wa Zantchito ngati ejentiyo akudziwika, ndipo pasipoti yanu musapereke kuti wina akusungireni.

Ngati mwaona kuti pepala lanu likuchepa mphamvu, ganizirani luso la manja kudzera ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a luso la manja, ku ma technical college monga Soche, Lilongwe, Namitete, Nasawa kapena ma community college a m'maboma. Zamagetsi, kuwotcherera, mipope, kusoka, izi zimadyetsa munthu ngakhale asanalembedwe kulikonse. Ofuna koleji ya pulaiveti yambani mwafufuza ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, ngati kosi yakeyo ndi yovomerezeka musanalipire fizi.

Kanthu kena komwe anthu sakonda kunena ndi thiransipoti. Intavyu imatha kubwera Lachitatu kuti Lachisanu mukhale muli ku Lilongwe inu muli ku Mangochi, ndipo olemba ntchito ambiri sabweza ndalama yoyendera. Ndiye pa ganyu iliyonse kapena kageni komwe mukupanga pano patulani pang'ono muike padera pa foni, shati kapena diresi imodzi ikhale yochapa yosita, ndipo dziwiranitu m'bale amene mungakagone kwake ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, mumuimbire mwezi uno osadikira usiku woti mawa mukukwera basi.