Mmene Mungakhalire Miyezi Yambiri ku Bangkok Osagwa M'mavuto

Ngati mukupita ku Bangkok, likulu la dziko la Thailand, kukakhala miyezi ingapo, yambani ndi mapepala. Mwini nyumba imene mukuchita lendi ayenera kudziwitsa a Immigration pa fomu ya TM30 pasanathe maola 24 mutafika. Mufunseni ngati watero. Mukakwanitsa masiku 90 musanatuluke m'dzikomo, mudziwitsenso a Immigration kumene mukukhala. Visa ikatha muli konko, chindapusa ndi ma baht (ndalama za ku Thailand) 500 patsiku, mpaka 20,000.

Nyumba funani pafupi ndi siteshoni ya sitima ya BTS, koma ine ndikupemphani kuti mutalikirane ndi Nana Plaza, Soi Cowboy ndi Patpong. Kumeneko alendo amagula matupi a akazi usiku uliwonse, ngakhale kuti lamulo la 1996 limaletsa uhule. Atsikana ambiri amachokera ku Isan, chigawo chosauka cha kumpoto chakum'mawa, ndipo ndalamazo amatumiza kwa makolo. Zimandipweteka mtima. Kusungulumwa n'kumene kumakokera alendo ambiri kumeneko, ndiye pezani anzanu msanga, kaya ku kalasi ya chinenero cha ku Thailand, ku tchalitchi kapena ku mpira.

Mukaona mwana m'bala ali ndi mlendo wachikulire, musayang'ane kumbali. Imbani 1155, apolisi othandiza alendo, amene amamva Chingelezi, kapena 1300, nambala ya boma yothandiza ozunzidwa.