Nkhani ya gulu lanu muziikamba osatopa

Ndikulankhula ndi inu apampando a makalabu a alimi a mpunga ku Likangala ndi ku Domasi, komanso amayi amene mwayamba kupakira mpunga wanu m'mapaketi. Ambiri nkhani ya momwe gulu linayambira mumaikamba tsiku limodzi lokha, kenako n'kuisiya poganiza kuti anthu atopa nayo. Satopa. Agogo akati "Padangokhala", ana amavomera "Tilitonse" ngakhale nthanoyo anaimva kakhumi, ndipo agogowo akalumpha pena ana amawakumbutsa.

Yambani ndi kuifupikitsa, ikwane m'ziganizo zitatu: vuto lomwe linakusonkhanitsani, chomwe munachita, ndi chomwe chasintha pakhomo panu. Ngati munakumana nyanja ya Chilwa itaphwa mu 2018, matemba atasowa, mabwato ali pamatope, nenani zimenezo momwe zinalili. Musakometsere.

Msonkhano uliwonse, mukatha pemphero, wina aikambe. Lero apampando, mwezi wamawa msungichuma, kenako mnyamata amene wangolowa kumene. Apa ndimalimbikirapo kwambiri, chifukwa nthawi yokolola mavenda amafika ndi sikelo mpaka pakhomo, ndalama ili m'manja. Membala amene sadziwa chifukwa chomwe munagwirizanira kugulitsira pamodzi amagulitsa mtseri, ndipo simungamudzudzule kwenikweni, palibe anamuuza.

Kwa ogula ndi chimodzimodzi. Taonani mayi mu msika waukulu wa Zomba: amatapa mpunga m'dzanja, kuununkhiza, kuyang'ana ngati muli osweka, ndiye n'kufunsa, "Ndi wa kuti?" Yankho limene alimve apo likhale lomwelo limene akalimve ku Songani kapena ku Thondwe, lomwelonso lolembedwa papaketi ndi pa WhatsApp. Dzina la gulu, mtundu wa pepala ndi chithunzi musamasinthesinthe chaka ndi chaka. Wogula amayamba kukuzindikirani inu mutayamba kale kutopa ndi mawu anuwo.

Chaka chilichonse mutha kuwonjezerapo kena katsopano, monga mwana wa membala amene wapita ku sekondale ndi ndalama za mpunga, koma phata lake lisasinthe.

Chenjezo langa ndi ili: mukamati mpunga wanu ndi Kilombero, ukhaledi Kilombero, wopetedwa bwino, wopanda miyala. Mukasakaniza kamodzi, mayi uja akauza anzake kuchigayo, ndipo dzina lomwe alitchule ndi lomwe munamuphunzitsa nokha.