Musamange bawuti imodzi n'kulimbitsa pomwepo

Kwa anzanga amene mukukonza malole akale a asilikali, monga GMC CCKW ija ya m'zaka za 1941 mpaka 1945: madigadi akutsogolo muyambe mwawayesa pagalimoto musanapake penti. Ine ndinapaka kaye, kenako mabowo awiri anakana kukumana, penti yonse n'kukalika pamene ndinkalimbana nawo. Zinandipweteka mtima kwambiri.

Poikapo, lowetsani mabawuti onse ndi zala zokha, akhale olobodoka. Bowo likaphonyana pang'ono ndi linzake, lowetsani kachitsulo kosongoka n'kukokera mpaka akumane, osathamangira kuboola lina. Mukatero tsekani boneti, muime kutsogolo muone ngati mbali ziwirizo zafanana kutalika. Apo mpamene mulimbitse, pang'onopang'ono, kuyambira pakati kupita kumapeto. Mukalimbitsa imodzi msanga, chitsulo chimatsamira komweko ndipo mabowo otsalawo amathawa.

Mabawuti a malole a ku America amenewa ndi a mainchesi, si a mamilimita ayi. Ya mamilimita imalowa kawiri katatu kenako n'kudya mazinga.

Pamene dzimbiri ladya, makamaka pomwe madigadi agundana ndi chitsulo chowagwira, dulani mpaka mufike pachitsulo chabwino. Chigamba chachitsulo chotseka pamene mwadulapo muwotcherere timadontho, apa kamodzi, uko kamodzi, n'kumadikira pazizire. Mukawotcherera mzere wautali nthawi imodzi, kutentha kumapinda chitsulo ngati tsamba louma. Kunsi kwa madigadiwo pakaniko penti yoletsa dzimbiri musanamange, chifukwa mukamanga burashi sifikanso mmenemo.