Kuzindikira zilema za chidindo pa ndalama zachitsulo

Inu amene mumasunga ndalama zakale zachitsulo, kaya munazipeza m'sutikesi ya agogo kaya mumagula kwa anzanu, yambani mwadziwa mmene ndalama imasulidwira. Kufakitale amaika kachitsulo kosalala pakati pa zidindo ziwiri zolimba, makina n'kutsindika mwamphamvu. Chidindo chimodzi chimasula ndalama zikwizikwi. Ndiye chikang'aluka, kubenthuka kapena kukandika, ndalama iliyonse yochokera pamenepo imatengera chilema chomwecho pamalo omwewo, monga mwana atengera mphuno ya bambo ake.

Apa ndi pamene ambiri amasochera. Mng'alu umene walowa m'kati mwa chidindo umatuluka wotumphuka pa ndalama, ngati kamtsempha. Kukandika kumene ndalama yapeza m'thumba kapena pa simenti kumalowa m'kati. Tengani galasi lokuzira zinthu kakhumi, khalani pafupi ndi windo, gwirani ndalama m'mphepete ndi zala ziwiri, muziipendeketsa pang'onopang'ono kuti kuwala kubwere cham'mbali. Kamzere kakatumphuka, kachokera kufakitale. Kakalowa, ndi bala chabe, ndipo limatsitsa mtengo.

Chitsanzo chimene ndimakonda kuphunzitsira ndi senti ya ku America ya 1955, yosulidwa ku Philadelphia. Popanga chidindo chake, chithunzi chinadindidwa kawiri mosalingana, moti chaka ndi mawu akuti LIBERTY amaoneka awiriawiri ngakhale popanda galasi. Poti mtengo wake ndi wokwera, zachinyengo zachuluka. Odziwa sakhutira ndi kutsogolo kokha. Amaitembenuza n'kufufuza timizere tochepa totumphuka totsika pansi pa chilembo T m'mawu akuti CENT, timene tinatsala popukuta chidindo chenichenicho. Amaiyezanso pa sikelo: iyenera kulemera magalamu 3.11.

Chenjerani ndi kuwirikiza kwina kumene kumabwera chidindo chikagwedezeka posula. Kumeneko chilembo chachiwiri chimakhala chophwatalala ngati sitepe, ndipo chimadya m'mbali mwa chilembo chenicheni. Chidindo chodindidwa kawiri chimatulutsa zilembo zonenepa zonse ziwiri, nsonga zake zogawanika. Ogula salipira kanthu pa kugwedezeka, choncho musalole munthu akudyereni ndalama pa zimenezi.

Nthawi zina chosowa ndicho chizindikiro. Ku Denver, ku America, mu 1937 anapukuta chidindo cha masenti asanu mopitirira muyezo mpaka mwendo umodzi wakutsogolo wa njati yojambulidwa pa ndalamayo unafufutika. Achinyengo amapala mwendowo pa ndalama wamba, koma galasi limaonetsa pamene papalidwa. Abale amene muli ku Britain, muziyang'ana chenji chanu. Mu 2008 Royal Mint, fakitale yosula ndalama za ku Britain, inasintha maonekedwe a ndalama, chaka n'kuchoka kumbuyo kupita kutsogolo. Pa ndalama zina za mapeni 20 (20p) anaphatikiza chidindo chakale chakutsogolo ndi chatsopano chakumbuyo, ndalama n'kutuluka yopanda chaka mbali zonse. Pa peni ya ku Britain ya 1918 ndi 1919, yang'anani kumanzere kwa chaka: H ndi ya fakitale ya Heaton ku Birmingham, KN ndi ya Kings Norton, ndipo izi ndi zosowa kuposa zopanda chilembo.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kutsuka. Munthu amapeza ndalama yakuda, n'kuikwecha ndi phulusa, mandimu kapena mchenga kuti iwale. Timizere tonse ta chidindo timapita nazo, ndipo palibe wotibweza. Isiyeni ndi mtundu wake. Iikeni yokha m'kaenvulopu kapepala pamalo ouma, mulembepo chaka, kulemera kwake ndi pamene mwaona chilema. Ijambuleni ndi foni mbali zonse ziwiri, ndipo musanagule kapena kugulitsa, yerekezani chithunzicho ndi cha ndalama imene akatswiri anaitsimikizira kale, chilema ndi chilema.