Galu wanu akagona masana, musiyeni agone

Alimi ndi eni makomo ambiri amadandaula kuti galu wawo ndi waulesi, amangokhalira kugona. Ena amamugenda, ena amamumana chakudya ati kuti achangamuke. Kutero ndi kumulakwira galuyo. Galu wamkulu wathanzi amagona maola 12 mpaka 14 pa tsiku, ndipo kagalu kakang'ono kamafika maola 18 mpaka 20 chifukwa thupi lake limakula kali m'tulo. Galu wokalamba naye tulo timamuchulukira.

Tulo ta galu ndi todukizadukiza. Amagona pang'ono, kudzidzimuka akamva tswatswa, kuuwa, kenako n'kugonanso. Ngati wachezera kuzungulira khola la mbuzi ndi nkhokwe usiku wonse, masana ndiyo nthawi yake yobweza tulo, monga achitira mlonda woweruka m'mawa. Mukamusokoneza masana, musadabwe akuba atalowa iye ali mkonono.

Chimene chimandiwawa ndikamayendera makomo ndi malo ogona. Galu ali pa unyolo waufupi, dzuwa lili phwee, pansi pali simenti kapena matope. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amadziziziritsa popuma wefuwefu lilime lili panja, choncho kutentha kwa Okutobala, makamaka kuchigwa cha Shire ku Chikwawa ndi Nsanje, kutha kumupha. Mumangireni kakhola pamthunzi, kosadontha, kotalika moti aimirire, atembenuke ndi kugona chotambalala. Pogona pakhale pokwererako kuti madzi a mvula asalowe, ndipo muyalepo chiguduli kapena bulangete lakutha, poti simenti yopanda kanthu imachititsa zikang'a m'zigongono. Khomo lisayang'ane kochokera mphepo. Mu Juni ndi Julaye, kumadera ozizira ngati Dedza ndi Mzimba, mukaona galu akudzipinda kapena kuthamangira paphulusa la kukhitchini, dziwani kuti akuzizidwa, onjezerani choyala. Madzi akumwa asachoke pafupi.

Choyalacho muzichikutumula ndi kuchiyanika padzuwa kawirikawiri, kuchichapa sabata iliyonse, ndi kusesa m'kholamo. Mazira a utitiri amagwera pomwe galu amagona, ndiye kumusambitsa yekha khola lili lakuda n'kungotaya mankhwala. Chonde musamuthire mankhwala opopera thonje kapena masamba. Funsani alangizi a ziweto akuuzeni oyenera ndi mlingo wake.

Galu akamagwedeza miyendo, kulira chapansipansi kapena kuphethira ali m'tulo, akulota basi. Musamugwire. Ana ambiri amalumidwa chifukwa chodumphira kapena kukoka mchira galu ali mtulo, ngakhale galu wapakhomo wofatsa. Aphunzitseni kumuitana dzina ali chapatali.

Koma pali tulo tina ta matenda, ndipo mwini galu ndiye woyamba kutizindikira. Galu amene amakulonjerani mukamabwera, lero wangoti ndwii, sakudzuka ngakhale mwamuikira nsima, muyang'anitseni. Tukulani mlomo muone usinini: ukakhala wotuwa m'malo mofiirira, magazi achepa, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi matenda a nkhupakupa kapena njoka zam'mimba. Kagalu kofooka, kosanza ndi kutsegula m'mimba mwa magazi sikafunika kudikira mawa. Pitani nako kwa dokotala wa ziweto, osakapatsa Brufen kapena mankhwala ena a anthu, amawononga m'mimba ndi impso za galu.

Kumbukiraninso kuti chiwewe sichibwera ndi ukali nthawi zonse. Galu wina amangobisala pamdima ali duu, dovu likutuluka, nsagwada italendewera ngati watsamwa fupa. Musalowetse dzanja m'kamwa mwake. Mutsekereni payekha, ana asayandikire, ndipo dziwitsani ofesi ya za ziweto. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Katemera wa chiwewe galu azilandira chaka chilichonse.