Mmene ndinachepetsera thupi ndili ndi zaka 48

Chimene chinandidzidzimutsa si sikelo ayi, koma zingwe za nsapato. Tsiku lina m'mawa nditawerama kuti ndimange, mpweya unandithera mpaka ndinakhala kaye pansi. Kuchipatala anandiyeza BP n'kupeza 150/95, pomwe madokotala amati ikafika 140/90 ndiye kuti yakwera.

Poyamba ndinalakwitsa. Ndinkadumpha chakudya cham'mawa, masana n'kupirira njala, usiku n'kudya mosadziletsa. Patatha mwezi wathunthu, lamba anali akadali pabowo lomwe lija.

Ndiye ndinasintha njira. Kwa sabata imodzi ndinkalemba m'kope chilichonse cholowa m'kamwa, ndipo apa m'pamene ndinagwira wakuba: zakumwa. Tiyi katatu patsiku, masipuni atatu a shuga m'kapu iliyonse, masana n'kuwonjezerapo chozizilitsa kukhosi. Kachitini kamodzi ka Coca-Cola ka 330 ml kali ndi shuga wokwana magalamu pafupifupi 35, koma ine ndinkangomwa ngati madzi. Ndinayamba kuchotsa sipuni imodzi ya shuga m'tiyi sabata iliyonse mpaka lilime linazolowera. Panopa theka la mbale yanga limakhala masamba.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuchita masewera olimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Ine ndinazigawa: mphindi 30 kwa masiku asanu, kuyenda ndawala mpaka thukuta kamukamu. Kawiri pa sabata ndimanyamulanso zolemera, chifukwa pamsinkhu uno minofu imayamba kuchepa. Ambiri amanyozera zimenezi, koma kwa ine n'zimene zinachepetsa kuwawa kwa mawondo.

Papita miyezi 8 tsopano, ndatsika ndi makilogalamu 7. BP ili pa 128/82, ndipo nsapato ndikumanga osapuma wefuwefu.