Momwe mungatchelere kamera pojambula mbalame za m'madzi zikuuluka

Amene tinakulira kufupi ndi nyanja ya Chilwa kapena m'mbali mwa Shire timawadziwa akakowa ndi atsekwe. Kuno ku Johannesburg nakonso alipo. Pitani ku Zoo Lake kapena ku Emmarentia Dam m'mamawa, mukawapeza. Vuto limabwera tsekwe akati phaa kunyamuka: mumadina, koma chithunzi chimatuluka chambuu, mapiko osaoneka. Kawirikawiri cholakwa chimakhala liwiro la shutter, kachitseko ka m'kamera kamene kamatseguka n'kutseka polowetsa kuwala, ndiye yambirani pomwepo.

Ikani kamera pa M (Manual), kuti muziitchera nokha. Shutter ikhale pa 1/2000 ya sekondi. Kakowa amakupiza mapiko mwaulesi, choncho 1/1250 imamukwanira, koma bakha akamatera n'kuwaza madzi, kapena kambalame kakang'ono kakamalumphira nsomba, kwezani mpaka 1/3200. Pamenepo ngakhale timadontho tamadzi timaima m'malere. Ine sindinyengerera pa nkhani iyi. Chithunzi chokhala ndi timadontho tonga mchenga chifukwa cha ISO yokwera (ISO ndi muyeso wa momwe kamera imamvera kuwala) mutha kuchikonza pa kompyuta, koma mbalame ikatuluka chimbuuzi palibenso chochita, n'chotaya basi.

Kenako aperture, kukula kwa kabowo kolowera kuwala mu lens (galasi la kamera): f/5.6 kukadali mbandakucha, f/8 dzuwa likakwera kuti mutu ndi mapiko zonse zioneke bwino. ISO isiyeni pa Auto, muiikire malire pa 3200, kapena 6400 ngati kamera yanu ndi yatsopanoko.

Tsopano focus, kutanthauza pomwe kamera yalunjika kuti paoneke bwino. Pa Nikon ndi Sony sankhani AF-C, pa Canon ndi AI Servo, kuti kamera izitsatira mbalame ikamayenda. Musatsegule timabokosi tonse ta focus, chifukwa kamera imakathamangira bango kapena mafunde. Sankhani kagulu kochepa kapakati. Yatsaninso kujambula motsatizana, kenako muzidina pang'onopang'ono, zithunzi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, n'kupumira.

Madzi amanyenga kamera. Kakowa woyera akakhala pamadzi akuda, kamera imawalitsa mopyola ndipo nthenga zimangoti mbee, osaonekanso mizere yake. Tsitsani exposure compensation, chowonjezera kapena kuchepetsa kuwala kwa chithunzi, pa -1. Mbalame ikakhala kumwamba kowala, kwezani pa +1, apo ayi idzangotuluka bii ngati khala. Jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yajambula, kuti musavutike kukonza pa kompyuta.

Poima napo m'pofunika. Dzuwa likhale kumsana kwanu, mphepo nayonso ngati n'kotheka, pakuti mbalame zimanyamuka ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo, ndiye zimabwera chakumaso kwanu. Khalani pansi, lens ikhale pafupi ndi pamwamba pa madzi. Atsekwe asananyamuke amatukula makosi ndi kulira kwambiri. Mukamva phokosolo, chala chikhale kale pabatani.

Mu Juni ndi Julayi thambo la kuno limakhala loyera, kuwala kokoma, koma kumazizira moti batire limatha msanga. Lapadera lisungeni m'thumba la jekete. M'miyezi yotentha pitani m'mawa, mvula yamabingu imakonda masana.

Mukazolowera, konzani ulendo wa ku Marievale Bird Sanctuary kufupi ndi Nigel, komwe kuli tinyumba tobisalamo m'mphepete mwa dambo. Lens ya 300mm ikuyambitsani bwino. Ndipo chonde abale, kamera ndi katundu wodula: kulikonse kumene mukupita, tengani mnzanu woti azikuyang'anirani chikwama maso anu ali pamadzi.